MAKUTU ATHU NDI NYIMBO ZA OKESTRA ZA TSOPANO



Ambiri a ife amene tinapita ku sukulu za mishoni tinaphunzira kukonda nyimbo za Handel ndi Beethoven. Aphunzitsi ocokera ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, anatiphunzitsa kuyimba mau anai, ndipo tinazolowera nyimbo yokhala ndi ciyambi, pakati ndi mathero, yonga ulendo wa munthu wodziwa kumene ali kupita. Tsono munthu wotere akamva okestra, ndilo gulu lalikuru la oyimba ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma, iri kuyimba nyimbo ya masiku ano, kawiri-kawiri amatseka wailesi nanena kuti ndi phokoso cabe. Ine nditi asafulumire kutseka.

Kudandaula kumeneku si kwa lero. Pa 29 May 1913, mu mzinda wa Paris, anthu anapfuula ndi kukangana m'nyumba ya masewero pamene anamva koyamba The Rite of Spring ya Igor Stravinsky, cifukwa kugunda kwace kunaposa kukoma kwa mau. Lero nyimbo yomweyo iri pakati pa zolemekezeka.

Koma ife tiri ndi mwai umene anthu a ku Paris analibe. Taganizani za ng'oma za Asoli pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene apempha mvula ku Chongwe. Ng'oma imodzi ibwereza kamayimbidwe kace kosaleka, yina ilowa m'mipata imene yoyambayo yasiya, ndipo kukoma kuli m'kulukana kwao. Palibe mkulu amene amafunsa kuti nyimboyo iri kupita kuti. Olemba nyimbo ena a tsopano anadza kudzaphunzira nzeru yomweyi. Steve Reich wa ku America anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma, ndipo mu 1971 analemba nyimbo yochedwa Drumming.

Citsanzo ca pafupi ndi ife cicokera ku Tete. Anyungwe ali ndi gule wa nyanga, momwe amuna abvina mozungulira, yense ali ndi zitoliro zace zowerengeka. Munthu mmodzi sangathe kuyimba nyimbo yonse. Aliza mau ace awiri kapena atatu, naponyapo liu la pakamwa, ndi kusiyira anzace malo. Andrew Tracey anaulemba gule ameneyu pa pepala, ndipo Kevin Volans, wobadwira ku Pietermaritzburg mu 1949, anatengako mbali polemba White Man Sleeps mu 1982. Dzinalo licokera m'gule mwenimweni: pali nthawi imene obvina aleka kuliza zitoliro, nangomveka masece a m'miyendo, kuti Mzungu agone. Kaya anali kum'citira ulemu kapena kum'seka, weruzani nokha, inu amene munagwirapo nchito kwa bwana.

Mu 1986 Volans anaikonzanso nyimboyi kuti iyimbidwe ndi anthu anai a zoyimbira za zingwe, a Kronos Quartet. Iwo anaiika pa lekodi lao la Pieces of Africa mu 1992, pamodzi ndi Mai Nozipo ya Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, ndipo lekodilo linagulidwa kwambiri ndi anthu omwe aja okonda Beethoven. Cimene cinawakoka ndi cimene ife timacipeputsa kwathu kuno.

Pano pali mlandu umene sindifuna kuulumpha. Volans sanabise kumene anatenga, ndipo nchito yace ndi yaluso ndithu. Komabe dzina limene dziko lidziwa ndi lace, pamene amuna a ku Tete amene anasunga guleyo mibadwo yambiri angochedwa Anyungwe. Maraire analemba yekha, ndipo dzina lace liripo. Kusiyana kwace ndi kwakuti iye anafika kumene nyimbo zilembedwa ndi kugulitsidwa. Kodi mwa ana athu amene aphunzira zoyimba lero, ndani adzakhala pansi ndi oyimba ng'oma a kwa Nkomeshya, ndi kulembera okestra nyimbo yokhala ndi maina ao?

Mukaipeza White Man Sleeps, musayese kuitsata ngati nyimbo ya m'chalichi. Sankhani vayolini mmodzi, mum'tsate yekhayo, ndipo mumve pamene anzace alowa m'mipata yace. Iri ndi magule asanu. Yambani ndi mmodzi.