Nyenyezi ndi Mpando

Anzanga omvera, usiku uno turukani panja, mupenye kumwamba. Kupatula dzuwa, nyenyezi yapafupi koposa kuwala kwace kumayenda zaka zoposa 4 kusanatifike. Nanga munthu ndani?

Kale ku England, Mfumu Henry VIII inkakwera pa denga usiku kukapenya nyenyezi pamodzi ndi Thomas More, Mkatolika wolimba. M'caka ca 1529 inampatsa mpando wa nduna yaikuru. Koma mfumuyo itadziyesa mutu wa Eklezia m'dziko lace, More anatula udindo, nakana kulumbira, ndipo anamdula mutu m'caka ca 1535.

Awiriwo anapenya thambo limodzi, koma mmodzi yekha anaphunzirapo kucepa kwace. Inu olakalaka mipando, thambo likuphunzitsani ciani? Gonani bwino.