Lilime la Mai wa Chikhristu pa Nyumba ya Maliro



Ife Achewa tinadza kuno ku migodi kudzafuna ntchito, ndipo tinapezeka tili m'nyumba zogundana makoma. Mau onong'onedwa pa pompi m'mawa amafika ku msika wa Chisokone dzuwa lisanapendeke, usiku lamya yawatula kale ku Katete. Paja makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo.

Chiyeso chachikulu chili pa nyumba ya maliro. Ndinu amene mumagona pansi pamodzi ndi wofedwa, kuimba nyimbo za Mulungu kufikira tambala atalira, ndipo ntchito imeneyi tiiyamika ndi mtima wonse. Koma nyimbo ikangotha, pakamwa pomwepo pamatuluka funso: "Kodi apita ndi chiyani?" Wina atchula nthenda, wina aloza apongozi kuti ndiwo mfiti. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali kutha anthu ndipo migodi ya ZCCM inali kuchotsa antchito, tinaona amasiye ena akuleka kupita ku tchalitchi chifukwa cha manong'onong'o otere, ochokera kwa anzawo ovala yunifomu imodzi. Kalata ya Yakobo, mutu 3, imadzudzula zomwezi, ngakhale anamkungwi ku chinamwali analangiza kusunga chinsinsi cha mnzako.

Tipempha amai a pampando: pa maliro, nkhani yotere ikangoyambika, musadikire abusa. Yambitsani nyimbo ina.