CHISANKHO CHACHIBWEREZA SI CHISANKHO CHACHING'ONO

Mafumu, amayi ndi abambo, abale anga amene munabwerera kumudzi mutakhala zaka zambiri kunja, zikomo pondilola kuima pamaso panu muno mu Chiradzulu. Ine ndine mtolankhani chabe, ku yunivesite sindinamalize, ndipo pa 14 Juni 1993 pamene inu munkavotera nyali ndinali ndisanabadwe. Komabe ndiloleni ndinene za chisankho chimene ambiri a ife timachinyoza.

Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 63, amati phungu akamwalira kapena akatula pansi udindo, Sipikala alengeze kuti mpando uli wopanda munthu, ndipo chisankho chachibwereza chichitike. Ife a m'tauni tikamva zimenezi timati mpando umodzi ungasinthe chiyani? Timakhala phee ku Limbe, pamene minibasi yopita ku Njuli kapena ku Mbulumbuzi siyenda ndi ola lathunthu lomwe.

Tikumbuke chaka cha 2005. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatuluka mu UDF, chipani chimene chinawaika pampando mu 2004, nayambitsa DPP. Chipani chatsopanocho chinalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi anthu pa dzina lake. M'Nyumba ya Malamulo munali mkangano wofuna kuchotsa Pulezidenti, ndipo mu Juni Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka m'Nyumba momwemo, namwalira patapita masiku ochepa. M'midzi munali njala.

Mu Disembala 2005 kunachitika zisankho zachibwereza m'madera 6, ndipo limodzi mwa iwo linali la kumpoto kwa Chiradzulu. Kuno kunkadziwika kuti ndi kwa UDF. DPP inatenga mipando yonse 6. Mukondwere nazo kapena ayi, alimi a m'boma lino anathandiza kuonetsa dziko lonse komwe mphepo inkalowera, zaka zoposa zitatu chisanafike chisankho chachikulu cha 2009. Amene anakhala kunyumba tsikulo anasankhiridwa ndi anzawo.

Pali chifukwa china. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosawatumikira. Aphungu eni ake analifafaniza mu 1995. Ndiye kuti phungu akalowa, walowa. Tsiku lovota ndilo tsiku limene bwana ndi inuyo.

A ndale amadziwa zimenezi kuposa ife. Pa chisankho chachibwereza nduna, galimoto ndi nsalu za chipani zimathamangira dera limodzi. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti. Mukaona zotere, funsani wogawayo kuti mlatho ndi mankhwala a kuchipatala zili kuti. Nsalu imatha, koma phungu amakhalabe.

Inu amene munathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa mtengo wa pepala lovotera kuposa ine. Muuze ana anu. Boma lino ndi la John Chilembwe, amene mu 1915 anafa nthawi imene munthu wakuda analibe mau pa ulamuliro wa dziko lake. Mpando ukadzakhala wopanda munthu, kaoneni dzina lanu m'kaundula, kwerani minibasi, mukavote kwanu.