Uphungu wa Mkulu wa Mpingo kwa Akwati

Ana anga, inu mkwati ndi inu mkwatibwi, popeza abusa akudalitsani kale pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi nachitira umboni, ine ndaimirira kuti ndinene za chinthu chimodzi chokha, chimene chimatchulidwa pa ukwati uliwonse koma ochisenza moyenera ndi owerengeka, ndicho kumvera.

Inu mayi, mwamva lero kuti mkazi amvere mwamuna wake, ndipo mawuwo ngoona. Ali m'kalata ya Paulo kwa Aefeso, mutu 5. Koma inu bambo, mukakatsegula Buku Lopatulika kunyumba, mukayambire pa ndime 21, osalumphira pa 22 monga achitira amuna ambiri, pakuti mtumwiyo, asanalankhule ndi mkazi, anayamba walamula okhulupirira onse kuti agonjerane moopa Khristu, ndipo atafika pa mwamuna anamsenzetsa katundu wolemera koposa, wakuti akonde mkazi wake kufikira kudzipereka, monga Ambuye anadziperekera Mpingo. Umutu umene mwalandirawu suli wa chibakera, kapena wobisa ndalama za zokolola m'thumba, mkazi n'kumapempha mchere kwa anansi.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa cha ana amene Mulungu, mwa kukoma mtima kwake, adzakupatsani. Mwana saphunzira kumvera ndi khutu lokha ayi, amaphunzira ndi maso. Akaona bambo akunyoza mayi pa mkeka wodyera, kapena mayi akugwetsa mawu a bambo iwo atangotuluka pakhomo, mudzamlangiza mpaka kusasa mawu, iye adzatsata chimene anaona. Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu. Inde, mutu 6 wa kalata yomweyo ulamula ana kumvera akuwabala, nukumbutsa kuti lamuloli lili ndi lonjezo la moyo wautali. Komatu pomwepo, mpweya usanatsike, uchenjeza atate kuti asapsetse ana mtima, ndipo tate amene alanga mwana ndi ukali wa mowa kapena wa mkwiyo wochokera nawo kuntchito walakwira mawu amenewo.

Kulekerera nakonso ndi tchimo, ndipo pano mtima wanga umandiwawa, chifukwa makomo ambiri achikhristu agwera m'mbuna yomweyi. Eli anali wansembe ku Silo, munthu woopa Mulungu amene analera bwino Samueli, mwana wa mwini. Koma ana ake omubala, Hofeni ndi Finehasi, pamene ankalanda nyama ya nsembe ndi kuchita zonyansa pakhomo pa chihema, anangowadzudzula ndi pakamwa osawaletsa, mpaka onse awiri anafa tsiku limodzi pankhondo ya Afilisti, Likasa la Chipangano linalandidwa, nkhalambayo, ya zaka 98, nigwa chagada pampando n'kuthyoka khosi. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Tsono inu bambo, pa mwambo wathu ana ali ndi malume wawo, mwini mbumba, ndipo mudzampatse ulemu wake wonse. Koma musadzanene kuti ine ndine mkamwini chabe, ana awa ali ndi eni ake, pakuti amene Mulungu adzamfunsa za mapemphero a madzulo, za sukulu ndi za makhalidwe a anawo ndinu. Inunso mayi musadzichepse: chikhulupiriro cha Timoteo chinayamba mwa agogo ake Loisi ndi amake Yunike.

Mukasemphana pa kaleredwe, musakangane ana akumva. Tsekani chitseko, mugwirizane, mutuluke ndi mawu amodzi. Zikakukanikani, ankhoswe anu ndi awa akhala apawa, ndipo mpingo uli ndi akulu ake. Za kuchipinda alangizi akuuzani padera. Tsopano ndipereke mpata kwa ankhoswe a kuchikazi.