CHIKWAKWA: PAMENE APHUNZITSI A PA YUNIVESITI ANATULUKA M'KALASI

Nkhani ya lero ikhudza kholo liri lonse limene lagulitsapo cimanga, nshawa kapena ng'ombe kuti mwana wake akaphunzire ku Lusaka. Dandaulo la makolo otere ndi lakale. Mwana abwerera ndi digiri, koma pa bwalo la mfumu akhala cete ngati mlendo, ndipo akalankhula, ambuye ake amene anamlera samumva. Ambiri amaloza cala mwanayo. Koma funso loyenera kuyamba nalo ndi ili: pa zaka zonse zimene anakhala ku Yunivesiti, kodi aphunzitsi ake anali kukomana naye kuti? Ngati anali kuonana m'kalasi mokha, mphunzitsi ali kutsogolo ndi coko, mwana ali pa mpando ndi buku, ndiye kuti cimene mwanayo anaphunzira ndi kulemba mayeso basi.

Maiko olemera anaona vuto limeneli kale. Ku America, mayunivesiti a Harvard mu 1930 ndi Yale mu 1933 anatsegula nyumba zogonamo ophunzira, momwe aphunzitsi ena amakhala ndi kudya pamodzi ndi anawo, ndipo ndalama zomangira zinacokera kwa munthu mmodzi wacuma, Edward Harkness. Zambia inalibe munthu wotere. Pa tsiku la ufulu mu 1964 ana a dziko lino okhala ndi digiri anali pafupi-fupi 100 cabe. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu March 1966 ndi ophunzira 312, anthu wamba atasonkha ndalama zawo zocepa kuti imangidwe. Motero kuyambira paciyambi sukuluyi inali ndi ngongole kwa anthu a kumidzi.

Pakati pa amene anayesa kubweza ngongoleyo panali aphunzitsi a mabuku ndi masewero, Michael Etherton ndi Andrew Horn, pamodzi ndi ophunzira awo. Masiku amenewo masewero a m'tauni anali m'manja mwa makalabu a Azungu, m'Cingelezi, m'nyumba zotsekera zimene munthu wa m'komboni sanali kulowamo kawiri-kawiri. Ca m'ma 1970 aphunzitsiwa ndi ophunzira anamanga ndi manja awo bwalo la masewero la pamtetete, nalicha Chikwakwa. Dzinali safunika kulimasulira kwa mlimi ali yense: ndi cida cochetchera udzu, ndipo cikwakwa sicifunsa ngati wocigwira ali ndi digiri. Mu 1970, caka cimene Lusaka inalandira msonkhano wa maiko osatenga mbali, gululi linaonetsa sewero la Mario Fratti lonena za Che Guevara. Kabwe Kasoma, wolemba masewero a Black Mamba onena za kumenyera ufulu, anagwiranso nchito ndi gulu lomweli.

Koma nchito yoposa zonse inacitika kutali ndi Lusaka. Pa nthawi ya chuthi aphunzitsi ndi ophunzira anali kunyamuka pamodzi kupita m'zigawo, kumene anaphunzitsana ndi ana a sukulu za sekondale ndi aphunzitsi awo, nasonkhanitsa nthano, nyimbo ndi magule a kumaloko, napanga masewero m'zinenero za anthuwo. Apa zinthu zinatembenuka. Mphunzitsi wodziwa mabuku onse a ku Ulaya, akafika pamaso pa nkhalamba yolankhula Cinyanja, Cibemba kapena Citonga, anasanduka mwana wa Giredi 1. Wophunzira amene m'kalasi anali kuopa kukweza dzanja ndiye anali kumasulira mau, kumuuza mphunzitsi pokhala pake, ndi kumcenjeza za mwambo pofika kwa mfumu. Mphunzitsi amene waona wophunzira wake akuseketsa khamu la anthu m'cinenero ca amai ake sangamuyesenso mbuli cifukwa ca Cingelezi cotsimphina. Nayenso wophunzira amene waona mphunzitsi wake akhala pansi kumvera nkhalamba sangabwerere kwao ndi kunyoza mudzi. Phunziro limeneli silikwana pa bolodi.

Kuyandikana kotere kuli ndi mtengo wake, ndipo kungakhale kubisa coona kusaunena. Mu July 1971 ophunzira anacita cionetsero pa ofesi ya kazembe wa France, kutsutsa kuti dzikolo linali kuthandiza boma la tsankho la South Africa ndi ndege za nkhondo. Mkangano unakula, Yunivesiti inatsekedwa, atsogoleri a ophunzira anacotsedwa sukulu, ndipo Etherton ndi Horn anapitikitsidwa m'dziko. Mphunzitsi wodya mbale imodzi ndi ophunzira amaganiziridwa msanga kuti ndiye wakoleza moto ana akayamba kufuula. Ici ndico cifukwa cimodzi cimene aphunzitsi ena amasankhira kutha phunziro, kukwera galimoto ndi kubwerera ku nyumba. Cifukwa cina ndi cakuti mayunivesiti ambiri amakweza munthu pa nchito poona mabuku amene walemba, ndipo milungu imene watha ku mudzi ndi ana a eni ake siwerengedwa kweni-kweni.

Ngakhale zinatero, Chikwakwa sicinafe mu 1971. Aphunzitsi ena, monga David Kerr, anapitiriza maulendo aja. Mwa ophunzira amene anakulira m'gululi munatuluka Mapopa Mtonga, amene anadzakhala mphunzitsi pa Yunivesiti yomweyo ndi katswiri wa magule a makolo a Kum'mawa, ndiponso Stephen Chifunyise, amene anakachuka ndi masewero kwao ku Zimbabwe.

Cifukwa cace, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Yunivesiti akafika m'mudzi, kaya adza kudzaona dothi la m'minda, matenda a ng'ombe kapena nyimbo zakale, nkoyenera kuti mfumu ndi akulu awalandire, awapatse pogona, koma awafunsenso mafunso olimba ndi kupempha kuti zimene apeza adzazinene pa bwalo asanapite. Njira yace iripo kale. Mu 1979, pa msonkhano wa ku Chalimbana, odziwa masewero anapita m'midzi ya Asoli yozungulira, nayamba ndi kufunsa eni mudzi mavuto awo, ndipo masewero anapangidwa pambuyo pace kucokera pa mayankho amenewo.