MATENDA A SHUGA: CHAKUDYA NDI CHILONDA CHA KUPHAZI

Anthu ambiri a ku Nancholi, m'mbali mwa mseu wa ku Chikwawa, amalaŵirira m'mamaŵa wapansi kupita kuntchito kapena kumsika mumzinda wa Blantyre. Kwa munthu wotere phazi ndilo limadyetsa banja. Komatu pali nthenda ina imene imawononga phazi mwakachetechete, ndipo nthendayi ndi ya shuga.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalaŵi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matendaŵa. Ambiri a iwo sankadziŵa n'komwe.

Kodi shuga ndi phazi zikugwirizana bwanji? Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, amawononga mitsempha imene imauza munthu kuti wapweteka. Mapazi amayamba kuthetheka usiku, kenaka amachita dzanzi. Munga ukabaya, kapena nsapato ikatupula, mwini wake samva kanthu. Nthaŵi yomweyo njira za magazi zimachepa, motero chilonda chimachedwa kupola ndipo tizilombo timaloŵa mosavuta. Kachilonda konga kakhobidi kangathe kufika pafupa, mpaka madokotala n'kukakamizika kudula chala kapena mwendo kuti apulumutse moyo.

Tsono chitetezo cha phazi chimayambira m'mbale. Nsima siyoletsedwa kwa wodwala shuga, koma muyeso ndiwo wofunika. Ngakhale itakhala ya mgaiwa, mitanda itatu idzakweza shuga ndithu. Mtanda umodzi wolingana ndi chibakera cha wodyayo ndi poyambira pabwino. Theka la chakudya likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena therere, ophikidwa ndi mchere ndi mafuta ochepa. Mbali yotsalayo ikhale nyemba, nandolo, usipa, matemba kapena dzira, pakuti zakudya zomanga thupi zimathandiza kuti mnofu umere pachilonda. Zonsezi zimapezeka pamsika wa pafupi.

Zoyenera kupeŵa ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi wothira shuga, thobwa lotsekemera ndiponso moŵa. Mandasi ndi chipisi cha pachiwaya zisakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku. Gwafa, nthochi imodzi kapena kachidutswa ka papaya n'zokwanira pa nthaŵi imodzi. Wobaya insulin kapena wakumwa mankhwala otsitsa shuga asamadumphe chakudya, chifukwa shuga angatsike kwambiri mpaka munthu kukomoka.

Chakudya chabwino sichiloŵa m'malo mwa mankhwala, ndiponso sichichiza pachokha chilonda chimene chayamba kale. Nchifukwa chake wodwala ayenera kuyang'ana mapazi ake madzulo alionse, pansi pake ndi pakati pa zala pomwe. Ngati maso ake saona bwino, mwana kapena mdzukulu amuthandize. Asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo, ndipo azikutumula nsapato asanavale, kuwopa kamwala. M'nyengo yozizira ya June ndi July asasendeze mapazi kumbaula, pakuti angapse osazindikira. Madzi osamba aziyamba awayesa ndi chigongono. Asasepe zikang'a ndi lezala. Fodya amusiyiretu, chifukwa amatsekereza njira za magazi.

Chilonda, thuza, kutupa kapena chala chosintha mtundu zikaoneka, wodwala asadikire kuti mwina zipola zokha, kapena kuthirapo mankhwala ouzidwa ndi anansi. Apite tsiku lomwelo kuchipatala cha pafupi, monga cha Zingwangwa, kumene akaona kuti n'kofunika adzamtumiza kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu. Kumeneko kuli kiliniki ya odwala shuga.

Wophika pakhomo ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Chakudya choyenera wodwala shuga n'choyeneranso banja lonse, motero palibe chifukwa chomuphikira mphika wayekha.