Makeredito ndi mediya: zimene mng'ono wanga anandiphunzitsa nditakwiya

Mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa gulu la omvera wailesi

 

Ine mukundidziwa, ndine mlimi wa batata ndi cimanga, sukulu ndinalekeza kalasi 7. Mwina ena mukudabwa kuti munthu ngati ine ndingakambe ciani za univesidade. Ndikamba cifukwa ndalama ya batata wanga ndiyo ikuphunzitsa mng'ono wanga, ndipo caka catha tinatsala pang'ono kudana pa nkhani imeneyi.

Mnyamatayo anabwera ku tchuthi nkunena kuti, "Acimwene, caka ndadutsa, koma kadera imodzi yatsala." Ine mutu unaima. Kudutsa nkutsalanso, zimenezo nziti? Kwathu ku pirimariya unkadutsa kalasi yonse kapena kubwereza yonse, basi. Ndinaganiza kuti mwanayu akudya ndalama zanga ku tauni. Iye sanakwiye. Anatenga kope, tinakhala pa khonde mpaka dzuwa kulowa, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndabwera nazo lero.

Ku univesidade phunziro liri lonse amalitcha kadera, ndipo kadera iri yonse iri ndi kulemera kwace. Kulemerako ndiye makeredito. Mu 2010 boma la Mozambique linakhazikitsa dongosolo lochedwa SNATCA, lowerengera makeredito m'masukulu onse akuluakulu a dziko lino. Lamulo la caka cimeneco linati keredito imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a nchito ya wophunzira, ndipo caka cathunthu ndi makeredito 50 mpaka 60. Lisensiyatura ya zaka zinai ya makeredito 60 pa caka imakwana 240. Ukakhoza kadera, makeredito ace onse ndi ako, alowa m'nkhokwe. Ukalephera, supatako ngakhale theka. Ndiye munthu angathe kupita caka caciwiri ali ndi ngongole ya kadera ya caka coyamba, koma dipuloma sadzaiona mpaka ngongoleyo atabweza.

Apa pali cinthu cimene cinandicititsa manyazi. Maola aja si a m'kalasi okha ai. Amawerengera ndi nthawi yowerenga wekha, yolemba nchito za kunyumba, yopita ku munda wa sukulu kapena ku laboratoriyo, ndi ya mayeso. Kadera ya makeredito 6 ndi maola 150 kapena kuposa. Ine ndinkati ndikamuona atakhala pansi pa mtengo ndi buku pamene ife tikukumba batata, mumtima ndinkati ulesi. Kodi kani nayenso anali m'munda mwace.

Tsopano manota. Awa sanasinthe, ndi omwe aja tinkawadziwa, kuyambira 0 mpaka 20, ndipo kukhoza kumayambira pa 10. Koma njira yofikira pa mayeso ndi ina. Mkati mwa semesitere amalemba matesiti ndi nchito zina, zonsezo akaziphatikiza amapeza nota ya firikwensiya. M'masukulu ambiri, ikacepera 10 mwana amacotsedwa, mayeso omaliza saloledwa ndi kulemba komwe. Ikafika 14 kapena kuposa angathe kupeza dispensa, ndiko kuti wakhoza osalemba mayeso. Amene ali pakati amalemba, ndipo akagwa pamakhala mwai waciwiri wochedwa rekorensiya, umene kawirikawiri ndi wolipira. Sukulu iri yonse iri ndi buku lace la malamulo, tsono mwana aliwerenge, asamangomvera za anzace.

Mng'ono wangayo anacotsedwa pa kadera ya masamu. Cimene cinawawa kwambiri ndi ici: makadera ena ndi omangana ngati ng'ombe za pa goli. Sungalowe masamu aciwiri usanakhoze oyamba. Amati peresedensiya. Kadera imodzi yokha ingathe kutsekera zina kumbuyo kwace, mwana nkuonjezera caka cathunthu. Caka cimeneco ndi lendi ya cipinda, cakudya, thiransipoti ndi ndalama ya kulembetsa. Inu amene mumagulitsa thumba la batata pa mseu mukudziwa kuti ndi matumba angati amenewo.

Ndifike pa mediya, pamene ndikufuna mumvetsetse bwino, cifukwa ife alimi nkhaniyi timaidziwa kale koma sitidziwa kuti timaidziwa. Ukagulitsa matumba 6 pa mtengo wabwino ndi matumba 3 pa mtengo woipa, sunganene kuti mtengo wa malonda ako uli pakatikati peni peni. Matumba ambiri ndiwo amakoka. Mediya yoyeza ndi makeredito imayenda momwemo. Tiyerekeze mwana wapeza 16 pa kadera ya makeredito 6, ndi 10 pa kadera ya makeredito 3. Ife tikanaphatikiza 16 ndi 10 nkugawa pawiri, 13. Iwo satero. Amacurukitsa 16 ndi 6, ikhala 96. Amacurukitsa 10 ndi 3, ikhala 30. Pamodzi 126. Agawa ndi makeredito onse, amene ndi 9, mediya ndi 14. Tsopano tembenuzani: 10 pa kadera yolemera, 16 pa yopepuka. 60 kuphatikiza 48 ndi 108, kugawa ndi 9, mediya ndi 12. Mwana yemweyo, manota omwewo, koma kusiyana ndi 2 yathunthu. Ndiye mwana akadzakuuzani kuti "ndapeza 17," musafulumire kupha nkhuku. Mfunseni kuti 17 yo ndi ya kadera ya makeredito angati.

Ena mwa ana athu amalemba makalata ofuna bolosa ya kunja, ndipo pa mafomu amakumana ndi zilembo zitatu, GPA. Imeneyo ndi mediya yomweyi monga amaiwerengera ku America. Kumeneko manota ndi zilembo: A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0, ndipo amayeza ndi makeredito monga ndaonetsera. Digiri yao ya zaka zinai nthawi zambiri ndi makeredito pafupifupi 120, koma sikuti amaphunzira theka la athu. Muyeso wao ndi wina, amauyambira pa maola a m'kalasi pa sabata, monga momwe ndowa ndi thumba zimasiyanirana. Mwana asadzisinthire yekha nota pogawa 20 ndi 5 nkulemba pa fomu. Alembe nota yace monga iliri pa setifiketi, anene kuti ndi ya pa 20.

Cabwino cimodzi ca makeredito ndi cakuti sawola. Dongosolo la 2010 lija analipanga kuti wophunzira athe kusamuka nawo. Tinene mwana anayamba ku Maputo pa Universidade Eduardo Mondlane, ndalama zavuta, akufuna kubwera pafupi, monga pa sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè. Angathe kupempha kuti makadera amene anakhoza awerengedwe. Koma sizicitika zokha. Amalemba pempho, amapereka mapepala a manota ndi a zimene anaphunzira, ndipo sukulu yatsopanoyo ndiyo imaona zimene zikufanana. Conco mapepala amenewa asungidwe ngati mbeu, kutali ndi ciswe ndi mvula.

Ine tsopano ndinasintha kafunsidwe. Sindifunsanso kuti "Wadutsa?" Ndimati anditumizire cithunzi ca pauta pa foni, ndione makeredito amene anawalembetsa, amene wawapeza, ndi kadera imene yatsala ngati ikutsekera ina. Masamu aja anabwereza, anapeza 12, ndipo semesitere ino walowa aciwiri. Ndabweretsa kope lija anandilembera, amene afuna kuona mawerengedwe a matumba aja abwere tikamaliza, tiwerenge limodzi.